Mitumbira ya Kumalire

Dzenje linali litafika kale m'chiuno pamene Oliver anatulukira pamanda. Anayang'ana adzukulu akukumba, nayang'ana kumene kunagona abale ake, mtima n'kumuwawa. Dzenje la mayi ake analiika kumalire kwenikweni, kumene manda amathera m'tchire loyang'ana ku Mozambiki.

Pamanda a kwawo ku Vubwi munthu sagona paliponse. Mbumba iliyonse ili ndi pake. A kwa Mwale anaunjikana pansi pa msuku. A kwa Mbewe, akuchikazi kwa Oliver, anazungulira mtengo wa mbawa, agogo pakati, ana m'mbali ngati anapiye. Malo analipo ambiri. Nanga a Dinnah Mbewe akagone kutchire chifukwa chiyani?

Za magulu Oliver sankauzidwa ndi munthu, ndi zimene ankadyera. Ku ofesi ku Katete ankaika timadontho pa mapu a pakompyuta n'kuona pamene taunjikana. Azaumoyo akamubweretsera odwala kolera, timadontho tinkathamangira pachitsime chimodzi, chitsimecho n'kutsekedwa. Alangizi ankabwera ndi minda yogwidwa mbozi, azamaphunziro ndi masukulu oti agawane aphunzitsi. Ngakhale wogulitsa feteleza wa ku Sinda anabwerapo kudzafunsa pomanga sitolo. Onsewo ankawauza chimodzimodzi: zinthu siziunjikana chabe, pali chimene chimazikoka. Dontho limodzi lapalokha ankalifufuta, ndi kulakwitsa kwa wolemba. Awiri ndi mwangozi. Akakwana atatu, pamenepo pali nkhani.

Lero dontho lofufutidwalo anali mayi ake.

Kumalireko kunali mitumbira iwiri yokha yakalekale, wina wautali, wina waung'ono, yopanda mtanda, yopanda dzina. Ali mwana anamva kuti ndi ya othawa nkhondo a ku Mozambiki, anthu opanda mwini. Komabe inali yosesedwa bwino, yopanda ndi kaudzu komwe. Pakati pa wautaliwo ndi dzenje latsopano adzukulu anasiyapo mpata waukulu wosakumba. Oliver anaseka mowawidwa. Ngakhale alendo, anthu awa safuna kuti mayi ake awayandikire!

Chifukwa chake ankachidziwa. Chaka chilichonse mvula isanagwe, a Dinnah ankaoneka akulowa kumanda okhaokha, khasu paphewa, tsache m'manja. Mkazi kumanda yekha! Pamudzi sipanachedwe kumveka manong'onong'o. Ankati ndi mfiti, anadya ana ali m'mimba, n'chifukwa chake ali ndi mmodzi yekha. Kusukulu Oliver anamenya anzake ambiri pa nkhani imeneyi, ndipo ankapambana, poti m'banja la anthu afupiafupi iye yekha ndiye anatalika. Atsibweni ake, a Lazarous, ankamuseka kuti ndi bulugamu womera m'munda wa thonje. Tsiku lina Oliver anawafunsa mayi ake chimene amakatenga kumanda. Iwo anangopitiriza kusankha nsawa m'lichero, zambewu uko, zakudya uko.

"Udzadziwa ukadzakula," anatero.

Anakula, koma sanafunsenso. Ankaopa yankho lake.

"Lekani kukumba!" anakuwa Oliver.

Makasu anaima. Adzukulu anayang'anizana, pakuti kumanda sakuwa. A Lazarous, amene anakhala pachitsa kuyang'anira ntchitoyo, anadzuka ndi ndodo yawo n'kubwera pang'onopang'ono.

"Tsitsa mawu, mphwanga. Tili pa eni ake pano."

"Atsibweni, amama munawanena ali moyo, lero muwatayenso kutchire atafa? Si inu mumati chibale ndi fupa sichiola? Akagone pambawa paja ndi abale awo. Apo ayi, maliro ndinyamula, ndikaika ku Katete."

Sankanena zocheza. Galimoto inali kumsewu, ndipo kumudzi azimayi a chigwirizano anali atayamba kale nyimbo yotulutsira bokosi. Mphepo inkaibweretsa pang'onopang'ono, kenaka n'kuitenganso.

A Lazarous sanakwiye. Anamuyang'ana nthawi yaitali, maso ali jenjenje ndi misozi. Oliver anali asanawaonepo akulira, ndipo zinamuopsa kuposa ukali.

"Malo ano sitinasankhe ndife," anatero. "Anasankha mlongo wanga mwini wake, kalekale. Anatilumbiritsa kuti tisakuuze iye ali ndi mpweya."

"Bodza. Munthu angasankhe kugona ndi alendo?"

"Iwe ndiwe wa magulu, amati ku Katete amakutamanda. Tawerenga apa."

Oliver anayang'ana pansi monyinyirika.

"Mitumbira iwiri."

"Ndi dzenje ili?"

Oliver anawerenganso. Atatu. Dzuwa linali litakwera. Anaona mizere ya tsache panthaka, yoongoka ngati imene mayi ake ankasiya pabwalo la kunyumba. Mbalame zonse zinali zii. Adzukulu anaweramitsa mitu m'dzenjemo, ndipo anazindikira kuti achikulire mwa iwo akudziwa kale chimene iye sakudziwa.

A Lazarous anagwada movutikira, nasisita kamtumbira kakang'ono kaja ndi dzanja.

"Aka ndi Oliver, mwana yekhayo amene mlongo wanga anabala. Wautaliyu ndi mayi wina amene anafika kuno akuthawa nkhondo n'kufa sabata yomweyo, iwe uli kumsana kwake ukulira, pamene mlongo wanga mkaka ukungotayika. Anakutenga, nakupatsa dzina la mwana wake." Kenaka analoza ndi ndodo mpata wosakumba uja. "Apa anati tisakhudzepo. Anayeza yekha ndi mapazi, kuti pakwane munthu wamtali."