Mfuti Yoonera ya M'chigwa

"Ababa, ndaipeza," anatero Verna, akuika mfuti yagogodera pamiyendo pa bambo ake. "Eni ake akuti ndi yeniyeni, yosula makolo a m'chigwa muno. Tsopano tizionera imeneyi."

Bambo akewo, a Elam, anakalamba akusula mfuti zotere, koma ya makolo anali asanaigwirepo. Maso awo anali atafa kale, choncho anaisisita ndi zala, kutsata kupindika kwa mtengo wake mpaka pa kanyenyezi kamkuwa. Pamenepo zala zinapeza kachipsera kamene ankakadziwa, ndipo zinaima.

"Ilipo ina yoti tifanizire?"

"Palibe, ababa. Amisiri onse a ku Pennsylvania kuno amaonera yomweyi."

A Elam anaibweza pang'onopang'ono.

"Iyi ndinasula ndine ndili mnyamata, mwanangu. Ndinkangoganizira mmene za makolo zinkaonekera."