Kafani ka mu Injini ya Bornwell

Panali munthu wina kwathu kuno ku Chikomeni, dzina lake Bornwell, ndipo amene anandifotokozera nkhaniyi ndi anthu osanama. Anali mlimi wa mtedza, komanso anali ndi kagalimoto kakale konyamulira anthu ndi matumba kupita kuboma ku Lundazi. Kagalimotoko kanali kokhulupirika, kungoti kakadzaza kankakwera mtunda mochita kukwawa.

"A Bornwell, titsike tikankhe?" okwera ankatero, anyamata a njinga zamoto akuwapitirira uku akuliza hutala.

Chipongwe chimenechi chinkamuwawa.

Tsiku lina pa msika wa Lundazi anakumana ndi mlendo wogulitsa zinthu za m'makatoni. Mlendoyo anamuonetsa kafani ka pulasitiki kokhala m'paipi, ka mawaya awiri.

"Bwelani, mudala! Iyi ni supachaja yamagetsi. Mumanga ku batire, ipopela mphepo mu injini. Motoka yanu izayamba kuuluka. Onani pa foni apa."

Bornwell anaonera kavidiyoko nagula. Kuti kafaniko kalowe, mlendoyo anachotsa sefa ya mpweya, ija imatchinga fumbi, n'kuiponya m'ngalande. Ataliza injini, inabangula ngati ya thirakitala, kafani kakuimba mluzu. Bornwell anamva phokoso n'kuyesa ndi mphamvu.

Atafika kumudzi, malume ake, a Haswell, amene anayendetsa malole mpaka kukalamba, anatsegula boneti napukusa mutu.

"Sefa ili kuti?"

"Sifunikanso, asibweni. Izi n'zamakono."

"Iwe mwana, injini ikathamanga imakoka yokha mpweya wochuluka kuposa umene kachidole aka kangapereke. Kakungotsekereza njira. Masupachaja enieni alipo, koma amabwera ndi mabatire akeake, ndipo sagulitsa pambali pa tomato. Bwezera sefa. Fumbi la msewu wathu ukulidziwa."

"Inu munazolowera malole oliza ndi handulo," anayankha Bornwell, anthu n'kuseka.

A Haswell anatseka boneti n'kumapita osatembenuka.

Nthawi imeneyo mkazi wake, Tryphena, anali woyembekezera mwana wachiwiri. Woyamba anali wamkazi, Racheal. Kusikelo anamwino anamuuza kuti mwana wagona mopingasa, choncho apite msanga kuchidikiro kuboma, kumene amayi amakhala pafupi ndi chipatala kudikira tsiku lawo. Tryphena anamanga katundu wake: zitenje, beseni, ufa ndi tizovala.

"Bambo a Racheal, mawa mundiperekeze."

"Nanga mtedza uwu athothole ndani? Kuchidikiro amapita anthu opanda galimoto, amake Racheal. Nthawi ikadzakwana ndidzakufikitsa usanamalize n'kupemphera komwe. Sukumva m'mene ikulirira masiku ano?"

"Ndikumva. Koma ine ndikuopa."

"Usaope. Ndilipo."

Tryphena anali mkazi womvera. Anamasula katundu wake.

Matenda anamuyamba m'mawa wina ali pabwalo kuthothola mtedza. Anamukweza m'galimoto pamodzi ndi mayi ake omubereka, Bornwell n'kuponda mafuta mpaka pansi. Pamtunda wina, kutali ndi midzi, kunamveka kuti khwatcha! Mapiko a kafani anathyoka, injini inameza zidutswazo, pamwamba pa fumbi limene inakhala ikudya nyengo yonseyo. Inatsokomola utsi n'kuzima.

Bornwell anayesa kuiliza, zii. Anazula kafaniko ndi manja n'kukaponya m'tchire, anayesanso, zii. Foni sinagwire. Apongozi ake anasuzumira pawindo.

"Adada, chitanipo kanthu! Mwana wanga akutha!"

Bornwell anathamanga kukafuna thandizo, kumbuyo akumva kubuula kwa mkazi wake. Chimene anapeza ndi ngolo ya ng'ombe. Ngoloyo inawafikitsa pamsewu waukulu dzuwa litapendeka, ndipo pamenepo ndi pamene anakwera minibasi.

Madokotala anamupulumutsa Tryphena. Mwana, wamwamuna, anamutulutsa atafa kale.

Mwambo wathu mukuudziwa. Mwana wotere amakamuika amayi okhaokha, popanda bokosi, popanda nyimbo, ndipo anthu salira mokweza. Bambo sapitako. Bornwell anaima patali akuona amayi atanyamula kanthu kokulunga m'chitenje, akulowa nako kuthengo. Amayiwo anabwerako chimanjamanja, palibe anamuyang'ana.

Tryphena atatuluka m'chipatala, sanamukalipire mwamuna wake, sanamutukwane. Ankangogona kuyang'ana kudenga. Patapita masiku, Bornwell anakhala pansi pambali pa mphasa.

"Amake Racheal, unamuona?"

"Anandionetsa."

"Anafanana ndi ndani?"

Tryphena anamuyang'ana kumaso.

"Ndi inu. Mphumi, mphuno, makutu. Inu ndendende."

Atatero anatembenukira kukhoma. Bornwell anatuluka, anapita kuseri kwa nkhokwe, nalira atadziluma dzanja kuti anthu asamve. Mpaka lero sadziwa pamene mwana wake anagona.

Phunziro: Abale anga, phokoso si mphamvu. Kafani kapamsika sikangawonjezere mphamvu ya injini, ndipo chimene opanga galimoto anaika musachichotse chifukwa mlendo wakuonetsani kavidiyo. Wamkulu wodziwa ntchito akakulangizani, tsekani pakamwa mumvere. Inu azibambo, achipatala akanena kuti mayi apite kuchidikiro, apite tsiku lomwelo. Mtedza mudzalimanso, koma moyo wa mayi ndi mwana musaukhazike pa chitsulo chimene inu eni simukuchidziwa. Mukawerenga musasunge nokha. Tumizirani oyendetsa galimoto ndi banja lililonse limene likuyembekezera mwana.