Mapilitsi a M'sokosi

Anamwino atamasula chopimira pamkono wa madala, anapukusa mutu. Bipi inali itakwera moti munthu akanatha kugwa tsiku lililonse.

Mkazi wa madala, amene anthu amawatchula a Wayilesi chifukwa sazima, ankangodikira pomwepo. Anati wolakwa akumudziwa, ndipo abwera naye. Analoza mtengwa wawo, mkazi wa mwana wawo, amene anakhala pakona atagwira pakamwa ngati chipinda chonse chikumununkhira.

Nkhani anaiyambira kutali. Mtsikana ameneyu chibwerere pakhomo, mdzukulu osaoneka, ntchito kupenta zikhadabo. Ndiye tsiku lina iwo akusesa kuchipinda kwa anawo, kusesa kwawo kotsegula ndi masutikesi omwe, anapeza mapilitsi ang'onoang'ono atabisidwa m'sokosi. Kufanana ndendende ndi a madala. Munthu kuba mankhwala a apongozi ake aamuna, akufuna chiyani ngati si maliro ndi nyumba?

Iwo sanapange phokoso, koyamba chibadwire. Anangowatenga onse, kuwatong'ola m'timapepala take, n'kuwathira m'kabotolo ka madala kamene kanali katangotha kumene. Kukaimanso pamzere kuchipatala n'kwa chiyani, katundu atabwerera kwa mwini wake? Miyezi yonseyi akhala akuwamwetsa okha m'mawa uliwonse, n'kuwauza ayasamule kuti aone ngati ameza. Ngati bipi ikukwerabe, ndiye kuti ikukwezedwa ndi nkhope ya mtengwayu.

"Ndipo sanafunseko n'komwe kuti apita kuti," anatero. "Wosalakwa akanafunsa. Tamuoneni, chikumbumtima chikumusanzitsa m'mawa uliwonse."

Madala anangonenapo kuti mutu ukuwawa, koma anzawo akuwayamikira kuti nkhope yasalala.

Anamwino anapempha kabotolo kaja, anakhuthulira mapilitsi aja m'dzanja n'kutembenuza limodzi. Anapumira m'mwamba. Anatuma munthu akatenge mankhwala a bipi msanga, n'kunena mosaseka kuti mankhwala amakhala m'paketi momwe anabwerera, sadziwika ndi nkhope, ndipo akatha munthu amabwera kudzatenga ena, osati kukafufuza m'masokosi a eni.

A Wayilesi anafunsa ngati wakubayo amusiya chonchi.

"Mayi, awa ndi olera," anatero anamwino. "Madala akhala akulera mokhulupirika, bipi ikungodziyendera. Inu achemwali pakonapo, tiyeni kusikelo."

A Wayilesi anazima.