Kadontho Kamodzi

Kumapeto kwa dzina la seva, kompyuta yaikulu yotumikira makompyuta ena, kunasowa kadontho kamodzi, ndipo mayi amene anali wachiwiri kwa a Madala, mkulu woyang'anira makompyuta, anaona nthawi yomweyo. Popanda kadonthoko, fayilo ya DNS, yosunga maadiresi a pa intaneti, ikanasocheretsa makompyuta onse a pakampani.

A Madala anavula magalasi n'kutikita m'maso. "Mwana wanga, tandionereko mzere uwu. Masowa akumandinamiza masiku ano."

Mayiyo anawerama n'kuyang'anitsitsa. Anali atadikira mpando wa a Madala zaka zisanu ndi ziwiri.

"Zili bwinobwino, bambo. Dinani."

A Madala anadina. Posakhalitsa maimelo anayamba kubwerera, mafoni n'kumalira m'maofesi monse. Bwana analowa osagogoda, atachita tsinya, n'kupeza mkuluyo akulondola mizere ndi chala.

"Tadzukani," anatero bwana. "Mayi, khalani apo."

Mayiyo anakhala pampando udakali wofunda, anaika kadonthoko, n'kudzutsanso seva. Mafoni anati zii.

"Mawa musavutike n'kubwera," bwana anauza a Madala.

Mkuluyo anatola chipewa chake. Atafika pakhomo anatembenuka, n'kuloza mayiyo monyadira.

"Mwamuona, bwana? Ameneyu ndinamuphunzitsa ndine."