Netiweki ya ku Bwindi

Mankhwala amene dokotala anawadonthetsera m'maso anali asanathe mphamvu, choncho a Winfrida anati ayambe akhala kaye pa kantini ya chipatala cha ku Edmonton, mumzinda wa London, asanakakwere basi yobwerera ku Tottenham. Chilichonse chinkaoneka mbuu. Anagula tiyi n'kukakhala pakona, chikwama chili pamiyendo.

Ulendo ngati uwu ankawaperekeza ndi Phoebe, mwana wawo mmodzi yekhayo. Koma Phoebe anachoka chisanu chisanayambe. Kampani yake yoona za maulendo inamutumiza ku Uganda, kukayang'anira loji ina ya m'nkhalango ya Bwindi, kumene alendo amagona akapita kukaona magorila, anyani akuluakulu a m'mapiri aja.

Ankaimba mwa apo ndi apo, ndipo pa vidiyo ankakana, ati netiweki ya kumeneko njoperewera. Komabe akaimba, nkhani sizinkatha. Ankafotokoza za tinyumba tamatabwa tomangidwa m'mbali mwa phiri, za magetsi a dzuwa, za botolo la madzi otentha limene amakuikira pabedi chifukwa cha kuzizira. Ankanena za alendo onyamuka m'mamawa ndi ndodo, nkhungu ili tolo, n'kubwerako matope mpaka m'mawondo, ena akulira ndi chimwemwe poti aona gorila wamkazi akuyamwitsa. A Winfrida ankazitenga zonsezo n'kukazigawa kutchalitchi Lamlungu, mpaka azimayi anzawo anayamba kuwatchula kuti amake gorila.

Chinkawadya mumtima n'chimodzi. Phoebe popita anasiya mwamuna wake, Lyson, ku London. Lyson poyamba ankabwera Loweruka lililonse, kudzawakonzera mpope kapena kudzangocheza. Mkazi wake atangochoka, naye anazimiririka. Akamuimbira, yankho linali limodzi: "Ntchito, amai, nili bize maningi."

Ali mkati mosonkhezera tiyi, anamva chifuwa chimene ankachidziwa. Anakweza mutu. Mwamuna wamtali, wotsimphina pang'ono mwendo wamanzere, ankadutsa atanyamula thireyi. Maso akhoza kunama, koma mayendedwe amenewo anawaona akutuluka m'tchalitchi atagwira dzanja la mwana wawo. Anali Lyson.

Anatsala pang'ono kumuitana. Koma analeka ataona kumene ankalowera.

Pa tebulo la pawindo panali mkazi, atafulatira. Anali wowonda zedi, mapewa ngati a mwana wasukulu, kumutu atavala chipewa chaubweya chofika m'makutu. Pambali pake panaima chitsulo chokolekapo diripi. Lyson anaika thireyi, n'kumukonza kolala ya jekete. Kenako anawerama n'kumupsompsona pakhosi, mosafulumira, ngati munthu wozolowera.

Tiyi anawatayikira pachala a Winfrida, koma sanamve kutentha.

Ntchito ija ndi imeneyi? Mwana wawo akuzizidwa m'mapiri a eni, akukwera zitunda kuti banja lipite patsogolo, uku mwamuna akudwazika mkazi wina masana dzuwa likuswa mtengo, pamaso pa anthu. Anamuona akuuzira supu, akumumwetsa ndi sipuni, akumupukuta pakamwa ndi chala. Phoebe wawo, wathupi lake, wa tsitsi lofika pamsana, anamulakwira chiyani mnyamata ameneyu kuti amusinthanitse ndi mafupa?

Anakumbuka bambo ake a Phoebe. Nawo anayamba chonchi ku Chipata, ndi mawu akuti ntchito. Mudzi wonse unkadziwa, koma panalibe amene anabwera kudzawatsina khutu. Anazimva pamaliro a bambowo, mkazi winayo atafika ndi ana awiri. Chimene chinawapweteka kwambiri si imfa ija ayi, koma nkhope za anthu amene ankadya nawo mbale imodzi ali chete.

Misozi inasakanikirana ndi mankhwala aja, maso n'kuyamba kuwawa. Anaganiza zonyamuka, akagubuduze thireyi ija. Koma wodwala uja anatsokomola, thupi lonse n'kugwedezeka, Lyson n'kumugwira mutu kuutsamiritsa pachifuwa pake. A Winfrida anakhalanso pansi. Munthu wofika pamenepo sungamulalatire, ngakhale atakubera.

Koma mwana wawo sadzamva mochedwa ngati iwo. Zimenezo ayi.

Anatulutsa foni, naiyandikiza kumaso mpaka anapeza dzina la Phoebe. Ayamba bwanji? Munthu ali yekha m'nkhalango, wopanda mbale womugwira akagwa. Anapemphera mwachidule kuti netiweki ikane, kenako anapempheranso kuti ilole.

Inalola. Inaitana kwa nthawi, mpaka anaganiza zodula.

"Halo, Mum!" Mawu a Phoebe anali osangalala, koma opuma mwabefu. "Mwanipeza nangotsika m'phiri manje manje. Lelo tawaona pafupi, Mum, kamwana kanabwela mpaka pa nsapato yanga. Muli bwanji? Maso aja anakuonani?"

A Winfrida anachotsa foni pakhutu pang'onopang'ono, naiika pamiyendo. Mawu aja sanasiye kumveka. Ankachokera pa tebulo la pawindo, pamene mkazi wachipewa uja anali atagwira foni ndi manja onse awiri, Lyson atabisa nkhope m'zikhatho.

"Mum? Mukunimva? Ah, netiweki ya kuno," anatero Phoebe.