Faraji Wake Uti?

Wometa anali atapaka kale thovu pachibwano cha mlendo wina pamene funso linafika: kodi mumsewu muno muli anyamata angati otchedwa Faraji?

Mkuluyo anaseka, uku akunola lumo pachikopa. Anati munthu akangoima pakhomo n'kuitana dzinalo, ana amatuluka ngati ngumbi, ena makabudula ali m'manja. Mwana wa telala ndi Faraji, wa mayi wogulitsa makala ndi Faraji, ndipo wokonza njinga ali nawo awiri, poti wachiwiriyo anabwera ndi mkazi.

Mlendo sanaseke nawo. Anali bambo wa msinkhu wapakati, wovala jekete yabwino koma yomukulira, monga munthu amene waondera m'zovala zake. Analankhula maso ali kudenga, mawu ake osakwera, osatsika. Anati dzinalo ndi la Chiarabu, ndipo limanena za mpumulo umene umadza masautso akatha, monga khomo lotseguka m'chipinda chimene munthu amayesa kuti chilibe potulukira. Kwawo, iye anatero, dzinali ankasungira mwana amene makolo amudikira mpaka kutaya mtima. Lero lafala, aliyense akungotola poti likukoma m'khutu, ndipo kufalako ndiko kwamuzunguza mutu.

"Ine ndikufuna mmodzi yekha," anatero. "Wa msinkhu woyamba sukulu."

Wometa anapinda khutu lamanzere la mlendoyo kuti lumo lidutse bwino. Dzanja lake linaima. Kuseri kwa khutulo kunali kachigamba ka tsitsi loyera, kozungulira, kosaposa chikhadabo cha chala chachikulu. Pa mitu yonse imene anagwirapo chiyambire ntchitoyi, kachigamba kotere anakaona pa mutu umodzi wokha: wa mdzukulu wake Faraji, amene iye mwini ankamumeta mpala kawirikawiri kuti kasaoneke.

Tsono uyu ndiye mkamwini uja. Wometa anali asanamuonepo. Mwana wake wamkazi anakwatiwa kutali popanda kuuza munthu, nakhala zaka osatumiza ngakhale moni. Kenaka tsiku lina anangotulukira pakhomo, khanda lili kumsana, milomo itauma. Anati mwamuna wake ndi chilombo cha munthu, ndipo walumbira kuti adzamulanda mwanayo, iye n'kumusiya ali mtembo. Chiyambire tsikulo mayiyo sankakhala pakhonde, sankapita kumaukwati, ndipo galimoto ikaima pafupi ankazimitsa wailesi. Panthawi imeneyi n'kuti ali kuchipinda cha kuseri, akusita. Pakati pa iye ndi mlendoyo panali nsalu yotchinga pakhomo basi.

Sukulu inali pafupi kuweruka. Mnyamatayo akamabwera sankazungulira kuseri. Ankalowera momwemo mometeramo, n'kudzadziyang'ana pagalasi.

Wometa anakweza chibwano cha mlendoyo ndi zala ziwiri. Khosi linatambasuka, mtsempha ukugunda poyera pansi pa thovu. Anayendetsa lumo pang'onopang'ono kuchokera pakholingo kukwera m'mwamba, nalipukuta pansalu, nalibwezanso pomwepo. Anadabwa kuona kuti dzanja lake, limene masiku ano linkanjenjemera ngakhale pogwira kapu, linali phee.

Anafunsa mwaulemu ngati bambowo anayendako kale m'misewu ina. Mlendo anati wayenda yambiri, m'mizinda yambiri, ndipo paliponse amayambira kwa ometa, chifukwa wometa amaona zimene chipewa chimabisa. Ntchito anasiya. Nyumba anagulitsa. Abale ake anatopa naye, ena amati wazungulira mutu.

"Mukadzamupeza mudzatani naye?"

"Ndidzapita naye kwathu. Ndi magazi anga."

Kuseri kwa nsalu kuja, simbi inaleka kuyenda. Wometa anamva mwana wake akupuma, kupuma kwa munthu amene wadzitseka pakamwa ndi dzanja. Kutali belu la sukulu linalira, ndipo posakhalitsa msewu unayamba kudzaza ndi phokoso la ana.

Mkuluyo anaika lumo pambali pa mtsempha uja, osakanikiza, osachotsanso. Anali wokalamba, zaka zimene akanakhala m'ndende sizikanakhala zambiri. Koma anafuna kuti munthuyo ayambe wavomera ndi pakamwa pake.

"Bambo, musanafunse za mwana, bwanji osafunsa za mayi ake? Mkazi sathawa panyumba popanda chomuthawitsa."

Mlendo anatembenuza maso okha, namuyang'ana modabwa.

"Mayi ake sanathawe, akulu. Ndi awo akhala pabenchi panjapo, akuyang'ana ana akusukulu. Anangomugwira tsiku limodzi lokha. M'mawa mwake munalowa mayi wina m'chipinda cha chipatala, atavala ngati namwino. Anafunsa dzina la mwana, nati n'lokoma, n'kumunyamula kuti akamuike pasikelo."

Wometa anasuzumira pazenera. Mayi wa pabenchiyo anali akuimirira pang'onopang'ono, maso ali pa mnyamata amene ankalunjika pakhomo, chikwama chake chitagwera pansi, ndipo nkhope ya mayiyo inali yeniyeni ya mdzukulu wa wometayo. Kuseri kwa nyumba, kumene mwana wa mkuluyo ankasita, chitseko chimene sichinkatsegulidwa masana chinalira.