Khofi wa Alamu pa Tsiku Lopimidwa

Panali munthu wina, dalaivala wa malole, amene anapwetekedwa ndi mlamu wake weniweni, mwamuna wa mlongo wake. Mlamuyo anthu amamutchula kuti Sekaseka, chifukwa mano ake amakhala panja nthawi zonse. Nkhaniyi ndi yoona, musati ndapeka.

Dalaivalayu anakhala chaka ndi miyezi iwiri osagwira ntchito. Laisensi inkangogona m'chikwama. Mkazi wake ndi amene ankagwira banja, kuchapira anthu zovala mpaka zala kusupuka. Kenako kampani ina yonyamula katundu inafuna dalaivala mmodzi. Anapita anthu ambiri, koma atawayesa pa chiwongolero anatsala awiri: iyeyu woyamba, Sekaseka wachiwiri. Chimene chinatsala ndi kupimidwa m'thupi basi.

Kalaliki wa pakampanipo anawauza mosabisa. "Mawa mubwere m'mawa kwa anesi. Musamwe khofi, musamwe zakumwa zopatsa mphamvu zija, musasute. Mwamva?"

Onse anati amva.

Kutacha anakhala pa benchi ya m'khonde, kudikira. Anesi anachedwa. Dalaivala anali atayenda wapansi mtunda wautali, m'mimba mulibe kanthu, ndiye anayamba kuyasamula. Sekaseka anatulutsa fulasiki ndi makapu awiri.

"Alamu, kukamwa konseko? Mutimeza tonse pano. Akakuonani chonchi aziti mudzagona pa chiwongolero. Gwirani apa."

"Paja anati tisamwe?"

"Aaa, zija amangonena. Kalaliki anakhala dokotala liti? Ine ndapimidwa kangati? Imwani maso ayere."

Dalaivala sanali munthu wa khofi, thupi lake silinkamudziwa. Koma anaganiza kuti mlamu ndi m'bale, sangakupatse choipa. Anamwa. Khofi wake wakuda bii, wowawa ngati mankhwala. Sekaseka anathiranso. Anamwa. Anathiranso kachitatu.

"Malizani, alamu, musanditayitse shuga."

Pasanathe ola, mtima unayamba kugunda ngati injini yopanda oilo. M'manja thukuta. Zala zikungovina zokha. Anapita kukataya madzi kawiri. Ndiye dzina lake linaitanidwa.

Anesi anamumanga lamba wa BP pamkono, n'kuyang'ana makina, n'kumuyang'ana iyeyo.

"Bambo, mwathamanga?"

"Ayi, mayi."

"Pumulani kaye."

Anapumula. Anamupimanso. Chimodzimodzi. Anamuuza atambasule manja, n'kuika pepala pamwamba pake. Pepala linagwa.

"Mwamwa chiyani m'mawa uno?"

Pakhomo panali pataima kalaliki uja ndi fayilo yake. Dalaivala anaopa kuti akanena zoona, aziti munthuyu samva malamulo, tsiku loyamba lomwe.

"Madzi okha, mayi."

Anesi sanafunsenso. Analemba zimene analemba, n'kudinda.

Iye atatuluka, Sekaseka analowa akumwetulira. Dalaivala anakhalanso pa benchi paja. Apo ndi pamene anaona kapu ya mlamu wake pansi pa benchi. Yodzaza mpaka m'milomo. Yozizira. Ntchentche ikuyandama pamwamba. Munthu uja sanamweko ngakhale dontho.

Sanakuwe. Sanatenge kapuyo kukaonetsa munthu. Anangoiyang'ana, kenako ananyamuka n'kuyenda mtunda womwe uja kubwerera kwawo. Mkazi wake anali pa beseni.

"Zayenda bwanji, abambo?"

"Atenga alamu."

Mkaziyo anasiya kuchapa pang'ono, kenako anapitiriza.

Patapita masiku atatu anapita kuchipatala china kukapimitsa. BP inali bwinobwino, manja ali zii. Anatenga pepalalo kupita nalo kwa kalaliki, n'kuulula zonse za khofi.

Kalaliki anapukusa mutu. "Akulu, mukananena tsiku lomwelo, anesi akanakuuzani kuti mubwerenso mawa lake. Zimachitika zimenezo. Koma inu munati madzi. Munthu wamwa madzi okha, mtima n'kumathamanga choncho, ndiye kuti ndi matenda. Ife wodwala sitimupatsa lole. Mnzanu wasaina kale."

Madzulo ake kunabwera mlongo wake, mwana kumbuyo.

"Achimwene, ndamva zoti mukuyankhula za khofi. Chonde musayambe nkhani. Anawa akudya pomwepo, ndi ana anu omwe. Ndiponso anakutsegulani pakamwa ndani?"

Paja kapu ija dalaivala ananyamula ndi dzanja lake.

Sekaseka anafika Lamlungu, atavala yunifomu yatsopano ngakhale silinali tsiku la ntchito.

"Alamu, zinangochitika zija, mitima imasiyana. Koma musadandaule. Malo akangopezeka, ine ndikakulankhulirani kwa bwana ndekha. Ndalumbira."

"Chabwino," anatero dalaivala.

Tsopano papita zaka ziwiri. Kampaniyo yalemba madalaivala ena atatu. Dalaivala uja amakankha wilibala ya mchenga pamene akumanga nyumba, laisensi inatha, sanaikonzetsenso. Sekaseka akamadutsa pa lole amamuimbira hutala, iye amakweza dzanja. Sakwiya, sasekanso. Amangokweza dzanja n'kugwiranso wilibala.

Phunziro: Khofi si madzi. Ngati sunamuzolowere, ndiye wamwa wambiri m'mimba mulibe kanthu, amathamangitsa mtima, amakweza BP, manja amanjenjemera. Akakuuza kuti usamwe, usamwe, ngakhale wokupatsayo akhale m'bale wako. Ukalakwa, uza anesi zoona, bodza limalembedwa pa pepala ngati matenda. Ndipo munthu amene mukulimbirana naye malo amodzi akakuthirira chakumwa, yamba waona ngati iye akumeza. Tumizani kwa anzanu onse ofuna ntchito. Za Sekaseka, mawu amene analumbira aja kwa bwana sanakanene mpaka lero.